Chigoba cha Kadontho Kofiira

Wapolisi Joleen Arrieta adaima pakhomo pa chitokosi atanyamula makapu awiri a khofi, maso ali pansi. M'katimo mudali a Orrin Vance, mwini sitolo ya mfuti ya m'tauni ya Camas Ford, munthu amene adamuphunzitsa kulozetsa mfuti ali kamtsikana, bambo ake atangomwalira. Dzulo lake adakawamanga yekha m'sitolo mwawo momwe, alenje atadzaza thothotho kugula zipolopolo, pakuti nyengo yosaka eliki, nyama zikuluzikulu za nyanga zanthambi zija, idali itangotsegulidwa. Adawaveka unyolo anthu onse akuona. Palibe adamutuma kutero. Mkuluyo akadangouzidwa, akadakwera yekha galimoto ya polisi.

"Khofi uyu, bambo."

"Ika pamenepo."

"Ndithandizeni. Emmett wataya zala zitatu, ndipo za diso lamanja madokotala sakulonjeza kanthu. A Dwight akuti zipolopolo zomwe zaphulitsa mfuti ija munapanga ndinu."

"Bokosilo lili ndi dzina langa, si choncho? Ukufunanso chiyani?"

"Akutinso munanena pagulu kuti mfuti imeneyo idzapha munthu."

"Ndinanenadi."

"Munatanthauza chiyani?"

A Orrin adasisita m'dzanja momwe mudadutsa unyolo, osati mwadala, koma Joleen adamva ngati amuthira madzi otentha kumaso.

"Zimenezo sindinganene, Joleen. Koma mfutiyo waiona ndi maso ako, kapena wangomva za pakamwa pa Dwight?"

Chilungamo chake n'chakuti Joleen adali asanaione. Adangomva mfuu ya a Dwight Kessinger m'khonde la chipatala, malaya ali magazi okhaokha, n'kuthamanga.

Nkhani monga adaifotokozera a Dwightwo idali yosavuta. Iwo, wapampando wa bungwe la alenje a m'chigwamo, adatenga mkamwini wawo Emmett Pardee kupita naye pamtunda wa paini kuseri kwa munda wawo. Ataona tonde wa eliki, adapatsa Emmett mfuti yawo yaikulu ija, ya nambala 338, kuti aphe nyama yake yoyamba. Emmett adawomba kamodzi kokha, mfuti n'kumuphulikira m'manja. A Dwight ndi a Orrin adali atasiya kupatsana moni kwa zaka, popanda wodziwa chifukwa. Bokosi la zipolopolo adakagula ndi Emmett, koma m'chigwa chonsecho mfuti ya nambala imeneyo idali imodzi yokha, ndiye a Orrin sakadalephera kudziwa mwini wake. "Wadzaza onga mpaka m'khosi kuti andiphe ine," adatero a Dwight, "koma wavulaza mwana wosalakwa."

Joleen adasiya khofi wake pansi osamwa, n'kulowa m'chipinda chosungira umboni.

Mfuti idali pathebulo, itakutidwa ndi thumba. Atavundukula adayamba waima kaye. Iye adakulira m'mfuti. Ankadziwa kuti onga ukachuluka, mfuti imaphulikira kumbuyo, kumene chipolopolo chimakhala, pafupi ndi nkhope ya munthu. Koma kumbuyo kwa mfuti iyi kudali bwinobwino. Mpope ndiwo udatupa pakati n'kung'ambika ngati bango, pamalo penipeni pamene dzanja lamanzere la Emmett lidagwira.

Adaunika ndi tochi pamng'aluwo, n'kutokosa ndi kachitsulo. Padagwa chibuluma cha mkuwa ndi mtovu. Atachitembenuza pachikhatho adaona kuti si mutu umodzi wa chipolopolo. Idali iwiri, wina utalowa mwa unzake.

Adatsegula bokosi la a Orrin lija. Adazula mitu ya zipolopolo zingapo n'kuthira onga wake pasikelo. Zonse zidali ndi muyeso umodzi, woyenera. Atazibwezera zonse m'malo mwake, adayang'ana timabowo ta m'bokosimo.

Kabowo kopanda chipolopolo kadali kamodzi kokha.

*

Kuchipatala adapeza Shawna, mkazi wa Emmett, atakhala m'mphepete mwa bedi, maso ali psuu. Ameneyu adatengera bambo ake a Dwight msinkhu ndi pakamwa pomwe.

"Wabwera kudzatiuza kuti nkhalamba ija yavomera? Ikafere konko! Taona mwamuna wanga. Munthu wophunzitsa ana kuimba limba, nanga aziimba ndi chiyani?"

"Shawna, ndikufuna ndilankhule naye payekha pang'ono."

"Zomwe angakuuze, inenso ndingamve."

"Pita ukamwe madzi, mayi," adatero Emmett motsitsa mawu. "Sunadye kanthu chifikireni."

Atatuluka, Joleen adakoka mpando. Emmett adali munthu wa mumzinda, woonda, waulemu wopitirira. Theka la nkhope lidali m'mabandeji.

"Pepani kuti ndakuvutitsani, a Arrieta," adatero, ngati kuti wolakwa ndi iye.

"Unalibe mfuti yakoyako kodi?"

"Ndinali nayo. Ya malemu mayi anga, ya 270. Mayi anaphera nyama zambiri mfuti imeneyo. Koma apongozi ataiona anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, 'Mwana wanga, tikupita kokasaka eliki, osati mbewa za m'nkhokwe. Kamfuti aka kapatse Shawna aziopsezera akhwangwala.' Ndiye ndinaisiya m'galimoto. Munthu ukakwatira kwa eni, mukudziwa inu."

"Pamtunda paja zinayenda bwanji?"

"Monga anenera apongozi."

"Ndikufuna monga unaonera iwe."

Emmett adanyambita milomo. "Kunkazizira kwambiri. Tinaona tonde kutsidya kwa kakhwawa, akudya. Apongozi anati, 'Tenga, ndi yako.' Ndinagwada, n'kuyang'ana pakagalasi ka pamfuti. Nyamayo inali itadzutsa kale mutu, makutu ali chire, ikuyang'ana kwathu kuno, ndiye ndinafulumira kuti ingathawe."

"Wati inkadya."

"Eya, poyamba."

"Nanga chinaidzutsa mutu n'chiyani? Mphepo inkapita kwa iyo?"

"Ayi, mphepo inkatiwomba kumaso. Ndi kaphokoso kaja."

"Kaphokoso kati?"

Diso lotsalalo lidayang'ana Joleen, kenako chitseko chomwe adatulukira Shawna. Emmett adatembenukira kukhoma pang'onopang'ono.

"Mankhwalawa akundisokoneza mutu, a Arrieta. Ndinawomba kamodzi. Lembani choncho. Ine ndinawomba kamodzi."

"Iweyo unawombadi kamodzi," adatero Joleen akuimirira. "Sindikukutsutsa."

*

Dzuwa lidali pamutu pamene adafika pamtundapo, atasiya galimoto kumunsi n'kukwera wapansi. Malowo sadavute kupeza. Chipale chofewa chidali chitapondedwapondedwa, magazi atauma bii. Padali pomwe padagwada munthu, ndipo chakumanja kwake pang'ono padali mapazi aakulu a a Dwight, ozama, ngati a munthu amene adaima nthawi.

Joleen adaima m'mapaziwo, n'kuyerekeza kukoka chitsulo chotulutsira chigoba cha chipolopolo. Chigoba chimagwera kumanja, chakumbuyo. Adagwada n'kuyamba kufukula chipale ndi manja mpaka zala zidachita dzanzi. Adatsala pang'ono kusiya pamene chala chidagunda kanthu kolimba patsinde pa chitsamba.

Chidali chigoba cha 338, chowombedwa kale. M'kati mwake mudali timbewu ta onga tachikasu, tosapsa. Atachitembenuza adaona kumatako kwake kadontho kofiira, kowala, kopakidwa ndi kaburashi.

A Orrin sankapaka kanthu pa zipolopolo zawo. Joleen adakanda kadonthoko ndi chikhadabo. Sudali utoto wa nyumba kapena wa galimoto. Kadali kyutekisi.

*

A Bernice, akazi a a Dwight, adamulandirira m'khitchini, ali pakati posenda maapozi. Adali mayi wocheza, ndipo mawu adayamba Joleen asanavule chipewa.

"Lowa, mwanawe, khala apo, chotsa mphakayo. Bambo a Shawna apita kukadyetsa ng'ombe, abwera posachedwa. Sakudya, sakugona, angoti Orrin, Orrin. Ine mpaka pano sindikumvetsa. Munthu tinkapemphera naye limodzi, mkazi wake ndinamusambitsa ine akudwala. Udya chitumbuwa cha maapozi? Waonda iwe."

Joleen ankayang'ana zala zawo. Zikhadabo zidali zofiira, zowala.

"Kyutekisi wokongola, mayi."

Mpeni udaima. "Ameneyu? Ndi botolo latsopano."

"Lakale linatha?"

A Bernice adapukuta manja pathewera, n'kupukutanso ngakhale adali atauma. Mawu ambiri aja adaphwa.

"Wafunsiranji zimenezo?"

"Ndangofunsa."

"Wapolisi sangofunsa." Adakhala pampando mwaphuma. "Wamupeza eti? Ndi ndani? Ndi uja wa ku banki wometa tsitsi ngati mwamuna?"

"Mukunena chiyani, mayi?"

"Mkaziyo! Usandinamize, Joleen, ndine wamkulu. Botolo langa linasowa pagalasi. Ndinalipeza m'galimoto mwawo, pansi pa mpando. Ndinalibweza osanena kanthu, linasowanso. Munthu wa zaka zawozo, kumaba kyutekisi wa mkazi wake kukapatsa chibwenzi, osagula n'komwe wake! Loweruka lililonse amadzitsekera m'kanyumba ka zipangizo kuseri kwa khola, akuti akukonza makina. Makina ati? Anaikapo loko watsopano. Ine ndimati amakalankhula naye pafoni. Tsiku lina ndinakwawira kumeneko ngati wakuba, mayi wa mpingo ine, kukatchera khutu pakhoma." Adaphimba pakamwa ndi dzanja. "Sindinauzepo munthu. Ngakhale Shawna."

"Munamva chiyani?"

"Kugogoda basi. Ndi iwo akudzitukwana."

Joleen adatulutsa chigoba chija n'kuchiika pathebulo pakati pa makoko a maapozi, kadontho kali m'mwamba. A Bernice adachiyang'ana nthawi yaitali, kenako zikhadabo zawo.

"Nyumbayi ndi yanunso, mayi. Mungandilole kuona m'kanyumbamo?"

Mayiwo adaimirira. Panjira adatola chitsulo chozulira misomali, ndipo loko adathyola okha.

M'katimo mudalibe foni, mudalibe chithunzi cha mkazi. Pabenchi padamangiriridwa makina odzazira zipolopolo, pambali pali zitini za onga, kasikelo, ndi botolo la kyutekisi lotsala pang'ono kutha. M'kabokosi kathabwa mudandandalikidwa zipolopolo za 338, chilichonse chili ndi kadontho kake. Joleen adatola chimodzi n'kuchigwedeza pafupi ndi khutu. Chipolopolo chodzaza bwino sichilankhula. Ichi chidalira tseketseke, onga ukuyendayenda m'kati ngati mchenga wotsalira m'chitini.

"Ndiye kulibe mkazi?" adafunsa a Bernice.

"Kulibe, mayi."

"Nanga bwanji nkhope yako ikuoneka ngati bola akanakhalapo?"

Kunja kudamveka galimoto ikuima, ndi chitseko chikumenyetsedwa.

*

"Ndani wathyola loko wanga?"

A Dwight adadzaza khomo lonse. Adali chimunthu chachitali, cha ndevu zaimvi, cha mawu omveka kutsidya kwa chigwa.

"Ndine," adatero a Bernice.

"Iwe Joleen, wamanga chigawenga, m'malo mokachifunsa ukudzasecha m'nyumba mwa ovulala? Ndimuimbira bwana wako pompano. Ndinkasaka naye iwe usanabadwe."

"Muwaimbire, bambo. Koma mundiuze kaye za izi."

Maso a mkuluyo adafika pakabokosi n'kuchokapo msanga. "Zoseweretsa izo. Zowombera zitini. Mlenje aliyense ali nazo."

"Nanga ichi chinakatani pamtunda paja?" Adawaonetsa chigoba. "Ndachipeza pamene munaima inuyo. M'mpope wa mfuti yanu ndatulutsamo mitu iwiri, koma m'bokosi la a Orrin mwachoka chipolopolo chimodzi."

"Chinagwa m'thumba chaka chatha. Ndimasaka pamenepo chaka ndi chaka."

"Chinali m'kati mwa chipale cha sabata ino, osati pa dothi."

"Ndiye ukuti chiyani? Ukuti ine, Dwight Kessinger, ndingapite kwa tonde wa eliki ndi zipolopolo zopanda onga? Ndichitirenji zimenezo? Funsa aliyense m'chigwa muno. Mfuti imeneyo ena amaiopa n'kuinyamula komwe. Ine ndimaiwomba ndi dzanja limodzi."

Funso lake lidalidi limenelo, ndipo Joleen adali akulitembenuza m'mutu chichokere kuphiri. Munthu angaguliranji mfuti yaikulu kuposa zonse, kenako n'kumabisala kuti aifoole? Adakumbukira kuti zaka zapitazo a Dwight adagwa pahatchi n'kuthyoka phewa lamanja. Adakumbukiranso kuti udani wawo ndi a Orrin udayamba chaka chomwecho.

Adapita kugalimoto yake n'kutenga mfuti yake yosakira. Atawafulatira, adatsegula n'kutseka chitsulo mwaphokoso, osaikamo kanthu.

"Iyi ndi ya 300, bambo, mng'ono wake wa yanu ija. Imatibula phewa ndithu, koma kwa inu ndi masewera. Ndikufuna ndione mmene munaimira pamtunda paja. Wombani chitsa icho."

"Sindine mwana wako woti uzindiyesa."

"Wombani, bambo a Shawna," adatero a Bernice. "Mwati ndi dzanja limodzi."

A Dwight adayang'ana mkazi wawo, n'kulandira mfutiyo. Adaiika paphewa mwaukatswiri, monga munthu amene wachita zimenezo moyo wake wonse. Koma Joleen adaona thukuta likutuluka pachipumi kunja kukuzizira chotero. Mpope udayamba kunjenjemera. Adapuma, n'kupumanso. Chala chidafika pokhethemulira n'kubwerera.

Kenako adatsinzina maso onse awiri, mutu n'kuthawira kumanzere, phewa n'kudumphira kutsogolo, mpope n'kuloza pansi pafupi ndi mapazi awo.

Khethe.

Mfuti yopanda kanthu idangolira kamodziko. Mkuluyo adatsala atapindika, mano ali gwa, akudikira chibakera chomwe sichidabwere. Atatsegula maso adapeza akazi awiri akumuyang'ana.

Joleen adalakalaka nthaka itamumeza. Dzulo adachititsa manyazi nkhalamba yosalakwa pamaso pa anthu ogula, lero adavula ina pamaso pa mkazi wake. Akadatha kuwauza a Bernice kuti alowe kaye m'nyumba. Sadatero, chifukwa ankadziwa kuti popanda iwo a Dwight sakadagwira mfutiyo.

Adalandira mfuti m'manja mwawo mofatsa. A Dwight adakhala pansi pachipale pomwepo, miyendo tambalale.

"Chiyambire kugwa pahatchi paja," adayamba, mawu atachepa ngati a munthu wina. "Phewa linapola. Koma thupili linakana. Mutu umati womba, thupi limathawa lokha. Ndinayesa kumwa kaye pang'ono, ndinayesa kupemphera. Ndinapita kwa Orrin sitolo atatseka, ndinalira pamaso pake ngati mwana."

"Anakuuzani chiyani?"

"Anati, 'Dwight, igulitse. Tenga 308 kapena 270, chipolopolo cholimba bwino, uyandikire nyama, uike pamtima. Eliki sifunsa nambala ya mfuti.' Anachita kundiikira pathebulo kamfuti kopepuka, akuti ndikayese ulere." Adaseka kuseka kowawa. "Ine? Zaka makumi atatu ndakhala ndikuseka aliyense wonyamula timfuti timeneto. Ena ndinawapatsa maina omwe mpaka lero akuitanidwa nawo. Ndikatulukire kumsasa ndi kamfuti ka amayi? Ndinamupempha kuti azindipangira zipolopolo zofooka, zooneka ngati zenizeni. Anakana. Anati ndizingovulaza nyama, ndipo tsiku lina chidzatsakamira mumpope. Ndinamutukwana. Ndinamulumbiritsa pa manda a mkazi wake kuti asadzauze munthu. Makinawa ndinaitanitsa kutali."

"Nanga bokosi la a Orrin?"

"Loonetsa anthu. Ndimalinyamula poonekera kuti aliyense aone. Zamadontho zimakhala m'thumba."

"Pamtunda paja munayamba kuwomba ndinu."

"Ndine. Inangoti phu, ngati munthu watsegula botolo. Kuzizira kuja onga sunayake bwino. Nyama ili chiimire. Mnyamata uja akundiyang'ana. Ndinati, 'Chipolopolo chonyowa ichi.' Ndinatulutsa chigoba, n'kutenga chenicheni m'bokosi la Orrin, n'kuika. Nditaikweza paphewa, ndinadziwa kuti sindingathe. Osati iye akuona. Ndiye ndinati, 'Tenga, mwana wanga, ndi yako.' Anandithokoza, Joleen. Anati zikomo, bambo."

A Bernice adagwira khoma la kanyumbako.

"Munadziwa kuti mutu woyamba watsala mumpope?" adafunsa Joleen.

Mkuluyo adapukuta kumaso ndi chikhatho.

"Ndinamva kuti kaliridwe kake si kabwino. Ndimaphunzitsa ana zimenezi kubungwe chaka chilichonse: ikalira mofooka, tsegula, yang'ana mumpope. Ndinadziwa kuti ndiyenera kuyang'ana. Koma ndikanayang'ana, akanafunsa chifukwa chake."

"Ndipo a Orrin?"

"Ndinadziwa kuti sanena. Analumbira."

"Zala za mwamuna wa mwana wanu," adatero a Bernice pang'onopang'ono, "ndi mnzanu wa ubwana m'chitokosi. Kuti anthu asadziwe kuti mumatsinzina." Adavula thewera, n'kulipinda bwinobwino, n'kulowa m'nyumba. Sadamenyetse chitseko.

*

Joleen adaimba foni kupolisi ali chiimire pabwalopo, n'kuuza mnzake wa pantchito kuti atsegule chitokosi ndipo awapatse a Orrin foniyo.

"Bambo, ndine Joleen. Ndinalakwa. Ndibwera ndidzanene pamaso panu, ndiponso m'sitolo mwanu anthu akumva."

"Dwight wanena yekha?"

"Anena."

Kudamveka kupuma kwakutali. "Usadzipweteke kwambiri, mwanawe. Wolakwa wina ndine. Ndinkadziwa zomwe ankachita m'kanyumba kajako, chifukwa munthu wogula zigoba zopanda kanthu sabisika. Ndinasunga lumbiro, mwana wa eni n'kutaya zala. Usiku wonsewu ndimaganiza zimenezo, osati za iwe." Adatsokomola. "Usamuveke unyolo."

A Dwight adakwera okha m'galimoto ya Joleen. Ali m'njira adapempha chinthu chimodzi, kuti asanapite kupolisi adutse kuchipatala. Joleen adadziwa kuti bwana wake sakadalola, koma adakhotetsa galimoto.

Shawna atawaona adalumpha. "Adadi! Bwanji nkhope yatero? Nkhalamba ija yatani?"

A Dwight adavula chipewa n'kuima kumiyendo kwa bedi. Adafotokoza zonse, osasiyako, maso ali pa bulangete. Shawna adayamba ndi kupukusa mutu, kenako adabwerera m'mbuyo mpaka msana udagunda zenera, manja ali pakamwa. Atafika pa mawu akuti amaopa mfuti yawo, mkuluyo adachita kuwakankha ngati akusanza mwala.

"Ndimatsinzina, Emmett. Ndimaopa. Palibe ankadziwa koma Orrin yekha. N'chifukwa chake ndinakupatsa."

Emmett adawayang'ana ndi diso lake limodzi lija, modabwa kwenikweni.

"Koma bambo, zotsinzinazo aliyense amadziwa."

"Wati chiyani?"

"Onse a kubungwe. Tsiku loyamba lomwe munanditengera kumsasa, anzanu aja ananditengera pambali. Anati, 'Apongozi ako chigwereni pahatchi amatseka maso akamawomba. Ukaona, uziyang'ana kumbali. Akaphonya, uziti mphepo.' Akuti amasinthana kuyenda pambuyo panu kuti azimaliza nyama zomwe mwavulaza, inu n'kumati mwapha nokha. Anati ndinu munthu wabwino, munawathandiza ambiri, palibe chifukwa chokuchititsani manyazi." Kenako adaonjezera: "Za zipolopolo zofookazo ndiye sitinkadziwa. Mfuti italira mwachilendo paja ndinafuna kufunsa. Koma ndinakumbukira zomwe anandiuza, ndiye ndinayang'ana kumbali."

Chipewa chidapulumuka m'manja mwa a Dwight n'kugubudukira pansi pa bedi, ndipo palibe adawerama kuti achitole.

"Onse?" adafunsa potsiriza.

"Onse, bambo."

Joleen adawagwira pachigongono. Chimunthu chija chidatembenuka mosavuta ngati mwana wodwala, ndipo adatuluka nacho m'khonde lodzaza alenje omwe adabwera kudzazonda Emmett. Onse adaimirira, ndipo mmodzimmodzi adayang'ana kumbali.